Chimkono cha Faniwelo

Mwambi umene mukufunsawu chiyambi chake n'chotere, ndipo unabadwira pa bwalo la agalu lomwe lino, kuno ku Bvumbwe. Wati chiyani iwe Tiyamike? Kuti mwambiwu ngwakale kuposa bwaloli? Unalipo iwe? Ika foni m'thumba umve.

Panali bambo wina dzina lake Faniwelo Chimtengo, wamfupi, wamtima wabwino, koma nkhutukumve. Zaka zisanu ndi zinayi ankasesa makola a agalu pano, mtima wake uli pa chinthu chimodzi basi: setifiketi ya wolumitsa. Pa mpikisano wa agalu olondera pamafunika munthu wochita ngati wakuba. Amavala buluku lokhuthala, dzanja lamanzere n'kulilowetsa m'chimkono cholimba chokutidwa ndi chiguduli, kuti galu akamuthamangira alume pamenepo. Lamulo lalikulu n'lakuti galu akabwera, mpatse chimkono. Ukachibisa kapena kulewa, walephera.

Woyesa anali Mayi Nyirongo a ku Mzuzu, ndipo ankabwera kamodzi pachaka. Chaka choyamba Faniwelo anagwa chagada. Chachiwiri anathawa, anakamupeza pamwamba pa thanki ya madzi. Eni bwalo anamuuza kuti kachitatu n'komaliza, poti mawondo ake anali atayamba kulira.

Chimkono chake chinali chobwereka kwa munthu wamtali, choncho ankatsendera sanza kumapeto kwake kuti dzanja lisamagwedere. Ankachisunga m'thumba la chimanga kukhitchini. Kukhitchini komweko kunkagona Mwatiyesa, galu wake wachikuda, wokalamba, amene sabata imeneyo anali ataswa kamwana kamodzi kokha. Unali mwezi wa Juni, chiperoni chili tiii.

Tsiku la mayeso Faniwelo anamanga thumba lija mwachangu, osasuzumiramo. Mwatiyesa anali panja kumwa madzi. Atalowa, anayamba kukanda thumbalo uku akulira.

"Abambo, taonani galuyu," anatero mkazi wake Nagama. "Tamasulani kaye thumbalo."

"Nsanje basi! Wamva fungo la agalu achizungu. Choka iwe!"

Anamangirira thumba pakaliyala, n'kupalasa njinga uku akuimba nyimbo ya kwaya mokweza kuti mantha achoke. Pa chitunda cha kumsika anatsika kuti akankhe njinga. Kucheuka, uyu Mwatiyesa, lilime panja, mawere akukwekwereka, waima ndi miyendo iwiri akukanda thumba. Faniwelo anatola chibuma n'kumugenda. Zimenezi zimandipwetekabe mtima mpaka lero, galu amene anamulera yekha kuyambira ali kamwana!

Mwatiyesa sanabwerere. Atafika pano analowa pansi pa waya n'kuyamba kukanda chimkono, mwini wake akuvala buluku. Anthu anaseka.

"Bambo Chimtengo, galu uyu ngwandani?" anafunsa Mayi Nyirongo, bolopeni ili m'manja.

"Ngwanga mayi, koma ukalamba wamusokoneza mutu."

Faniwelo anamukoka galuyo n'kumumangirira ndi linya ku mtengo wa mapeyala uwo mukuuonawo. Kenako analowetsa dzanja m'chimkono. Zala zinakhudza chinthu chofewa, chofunda. Mukuganiza anati chiyani? Anati, "Sanza yanga yatenthedwa ndi dzuwa." Dzuwa liti, kunja kuli chiperoni? Aa, Faniwelo!

Galu womuyesera anali Chimphepo, wamkulu ngati mwana wa ng'ombe. Anamuimika kumapeto kwa bwalo uko, Faniwelo mbali ino. Faniwelo anakuwa monga wakuba, akugwedeza ndodo, ndipo kunena zoona tsiku limenelo anaima bwino. Ine ndinati mumtima, lero setifiketi watenga. Mayi Nyirongo anatsitsa dzanja, mwini galu anamumasula, Chimphepo n'kuliyatsa liwiro.

Nthawi yomweyo sanza ija inayamba kuyamwa chala cha Faniwelo.

Ana inu, sanza siyamwa. Ngakhale Faniwelo anadziwa zimenezo. Anazindikira kuti Mwatiyesa, pothawitsa mwana wake kuzizira, anakamubisa m'chimkono, pa sanza yofunda ija. Ndipo mano a Chimphepo akati atseke pamenepo, n'kumugwedeza monga amachitira, kamwanako kathera momwemo. Galu anali atafika kale pakati pa bwalo. Nthawi yovula panalibe, yokuwa kuti "imani" panalibenso.

Ine ndinamuona nkhope ikusintha. Anataya ndodo, anakumbatira chimkono pachifuwa ndi manja onse, n'kutembenuka kupereka msana. Chimphepo anafika, anasowa chimkono, ndiye analuma chimene anapeza. Anamuti gwi kumatako, pamene buluku linali litaperepeseka ndi ukalamba.

"Mayo ine! Mayo! Mugwireni!" Anakuwa mpaka a kumsika anamva, koma chimkono sanachisiye, ndipo sanagwe nacho pansi.

Mwini galu atamuletsa Chimphepo, Mayi Nyirongo anabwera atakwiya. "Bambo Chimtengo, zaka zitatu! Galu mumampatsa matako? Ndani anakuphunzitsani zimenezi?"

Faniwelo anasolola dzanja pang'onopang'ono, ndipo kagalu kanatuluka nalo limodzi, kosatsegula maso, katakakamirabe chala. Mayi aja anayang'ana kagalu, anayang'ana pepala lawo, n'kupukuta magalasi nthawi yaitali.

"Lamulo sindinalembe ndine, bambo," anatero motsitsa mawu. "Mwabisa chimkono. Mwalephera. Pepani kwambiri."

"Ndamva, mayi."

Sanadandaule, sanapemphe kuti abwereze. Anatsimphina mpaka pa mtengo wa mapeyala paja, dzanja lina litagwira kumbuyo, namasula linya lija. Kukhala pansi sakanatha, choncho anagwada, bambo wamkulu ndi ndevu zake, pamaso pa galu wachikuda, anthu onse akuona.

"Amayi Mwatiyesa, ndakulakwirani. Mwakhala mukundiuza kuyambira m'mawa, ine n'kukugendani. Nayu mwana wanu, ali bwinobwino."

Mwatiyesa ananunkhiza mwana wake kumutu mpaka kumchira, anamunyambita, kenako ananyambitanso dzanja limene linamugenda lija. Ine amene sindilira pamaliro, ndinalira, ndipo usaseke Tiyamike.

Nagama anafika ndi wilibala kudzatenga mwamuna wake, poti njinga sakanaikhalira. Anamugoneka chafufumimba, galu ndi mwana wake pambali. Mayi Nyirongo anawaperekeza mpaka pageti, n'kufunsa kuti, "Kodi mayi, palibe amene anaona kuti galuyu akuvutika?"

Nagama anagwira zogwirira za wilibala, anayang'ana mwamuna wake mwachisoni, n'kumufunditsa chitenje. "Ndinawauza ine, mayi. Galu wamkota sakandira pachabe."