Chikho cha Gule ndi Fomu ya Tadala

Lolemba

Mwana wanga Tadala akulemba fomu ya ku koleji, yoti itumizidwe pofika Lamulungu. Akuti pali malo khumi okha olembapo zimene mwana amachita akaweruka kusukulu, kuphatikizapo timalo tochepa ta mphoto. Khumi! Mwana amene masatifiketi ake adzaza sutikesi imene ndinabwera nayo kuno ku America? Ndaitsitsa, ndayala zonse pabalaza mpaka kukhitchini. Mwa zina:

- ya kusajomba, giredi yachiwiri
- ya kuloweza mavesi kutchalitchi
- ya kumwetulira bwino ku nazale, anatengera ine
- chikho cha gule pa pikiniki ya Amalawi ku Fairfax, mphunzitsi wake ndine amene

Chikhocho chikhale nambala wani. Tsiku limenelo Fairfax yense anaima, ngakhale ndege zinachedwa kutera.

Lachiwiri

Pepala lopanda chidindo ndi lokulungira mandasi. Izi ndinaziphunzira ku Lilongwe ndikufunafuna ntchito. Ndapanga fotokope zonse, ndapita ku banki kuno ku Annandale kwa mayi wa chidindo. Atadinda ziwiri akufunsa ngati ndikugula nyumba. Ndati ayi mayi, ndikumanga dokotala. Adinda mpaka inki kutha, dzanja kutupa. Chikho chokha akana kudinda, akuti si pepala. Nsanje basi.

Lachitatu

Ndapereka envulopu kwa Tadala ndi manja awiri. Waiyang'ana, n'kundiyankha m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija. Akuti zonse ndi za pa kompyuta, palibe potumizira mapepala, ndipo za ku pulayimale sazifuna. Ndiye akolejiwo akufuna munthu amene anabadwa ali ku sekondale? Mulu wonse wagwa pomwepo, zidindo ndi zidindo. Za ku nazale ndazisiya mwaulemu. Koma chikho anachipata ali kale ku sekondale. Chikho sichisuntha.

Lachinayi

Ndaimbira a Mwanza, mnzanga wa ku Lusaka wogwira ntchito ku banki yaikulu ku Washington. Ana awo ali kale ku yunivesite, ndimati andiikire kumbuyo. Akuti m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka, "Mudala, ivo va pikiniki sivisebenza kuno. Benze bangati ovina?" Analipo atatu, inde, ndipo mmodzi anathawa akulira nyimbo isanathe. Koma atatu amoto. Ndadula foni. Munthu wovina ngati akupha mphemvu angandiuze chiyani za gule?

Lachisanu

Zoopsa. Ndasuzumira fomu ya Tadala pa kompyuta. Kalabu ya sayansi, chabwino. Kwaya, chabwino. Kuthamanga, chabwino, ngakhale amafika anzake atavula kale nsapato. Koma pamwamba penipeni walemba kukatenga mng'ono wake Yankho kusukulu, kumuphikira, kutsuka mbale ine ndi mayi ake tili kuntchito. Akuti mlangizi wa kusukulu wanena kuti akoleji amazilemekeza kwambiri zimenezi.

Kulera mng'ono wako yasanduka mphoto? Ndiye kwathu ku Ntcheu mudzi wonse ndi mapulofesa! Komanso azungu adzati tinabereka wantchito.

Ndauza mayi ake kuti alankhule naye. Akuti, "Bambo a Tadala, mwanayo wanama pati?" Ndatuluka kukapukuta galimoto yoyera kale.

Loweruka

Malo atsala amodzi. Ndaika chikho patebulo nthawi ya tiyi, pakati pa shuga ndi buledi. Ndayatsa nyimbo, ndamukumbutsa Tadala masitepe. Chiuno chidakali cha mnyamata, bondo lokha ndi limene lalira. Waseka mpaka misozi, wandijambula pa foni. Ndati eya, walola.

Masana ndapeza malo aja walembapo zogawa chakudya kwa osowa ku Arlington. Ndamuuza kuti ndikaonana ndekha ndi mkulu wa koleji, maso ndi maso. Akufunsa kuti koleji iti, poti akutumiza ku koleji zambiri. Ndati zonse. Mafuta ndili nawo, jekete ndili nalo.

Lamulungu

Titabwera kutchalitchi Tadala wandiitana, m'Chichewa ulendo uno: "Adadi, bwerani mudine ndinu." Ndawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso, mwina chabisala penapake. Chikho mulibe. Ndadina batani lotumizira fomu ndi chala cha kumanzere, kuti adziwe. Yapita.

Chikho ndachibweza pamwamba pa filiji. Akoleji aluza okha, adzalandira katswiri osadziwa. Basi, dziko ndi la eni ake.

Yankho wabwera ndi kapepala ka nyenyezi ka ku Sande sukulu, akuti ndimusungire. Ndamusungira, ndilibe nkhanza. Kenako ndamuikira mpando pa sinki, ndamupatsa siponji. Ayambe lero, koleji sidikira munthu.