Chikulunga cha Matumba a Mkaka

Amene akuti ndikunama aimirire pompano, asiye nyama yake pambalepo, andiyang'ane m'maso. Inu a Phiri a makompyuta kuno kunja ku Markham, ndakuonani mukutsinana ndi akazi anu. Sekani, koma ine Kamtedza wa ku Ntcheu, ndi miyendo yomweyi imene imalira pokwera basi, ndinasewera mpira ndi difenda wa timu ya dziko la Holland, ndipo ndinamudyetsa njomba. Mukumva?

Zinachitikira kunyumba yosamalira okalamba ku North York kumene ndimagwira ntchito. M'chipinda chakumapeto muli mkulu wina, a Hendrik, amene mwana wawo wamkazi anawatenga kwawo atakwatiwa kuno, ndipo mbiri yawo ili pakhoma m'zithunzi. Munthu ameneyu anaphunzira kutchinga ali mwana, kumudzi kwawo kumene nyanja ili pamwamba nyumba zili pansi, poimirira pamsewu kutchinga mphepo kuti isagwetse anthu panjinga. Timu ya m'tauni yaikulu itamutenga, goloboyi wawo anasowa chochita mpaka anabzala nyemba m'golo n'kukolola kawiri. Atapita ku Italy osewera kutsogolo a matimu ena ankadwala malungo dziko lopanda udzudzu, atapita ku Spain mpira weniweniwo unkafika pamapazi pake n'kubwerera wokha mwaulemu, ndipo tsiku limene anavala yunifolomu ya olenji ya dziko lake kunagwa chimvula, koma kumbuyo kwake kunali kouma gwa, chifukwa ngakhale dontho silinamudutse.

Ndiye chimunthu chimenecho chinagwa kubafa m'nyengo yozizira. Fupa linapola, koma mtima unakana. Anagona kuyang'ana kukhoma, osayankhula, osadzuka. Anabwera azimayi ophunzitsa kuyenda ndi mipira yawo yogula, yosalala, yonunkha sitolo, iye osacheuka n'komwe. Dokotala anati akapanda kuimirira pofika Lachisanu miyendo iiwala ntchito, ndipo amusamutsira kumtunda, kwa amene sachokanso pabedi. Ndinamupeza mwana wake akulira pakhonde atagwira chikhoto chake m'manja, ndipo zinandikhudza kwambiri, abale, chifukwa bambo anga anapita chimodzimodzi, atayang'ana kukhoma, ine ndili kuno.

Ndinapita kukhitchini. Mukudziwa kuti dziko lino mkaka amauthira m'matumba ngati kachasu wobisa. Ndinatola matumbawo, n'kuwatsuka, n'kukulunga nyuzipepala pakati, thumba pamwamba pa thumba, kenako n'kuluka ndi chingwe cha mopu, mfundo ndi mfundo ngati ukonde, mmene tinkachitira kuseri kwa sukulu. Ana anu obadwira kunowa sachidziwa chikulunga. Mpira wogula umadumpha n'kukuthawa, koma chikulunga chimakhala paphazi, chimakudikira, ndipo chikamagubuduzika chimalira kuti tswa tswa tswa, kulira kumene mwendo uliwonse umene unakhalapo wa mwana umakumva.

Lachisanu m'mawa sindinamunyengerere ayi. Ndinaima pakhomo n'kunena m'Chingelezi changa cha ku Ntcheu kuti, "Madala, akuti palibe anakudutsanipo. Golo ndi iyo, pakati pa mpando ndi zenera. Ine ndikudutsa."

Tswa tswa tswa. Khutu linagwedezeka. Tswa tswa. Diso linatembenuka.

Zimene zinatsatira, Mulungu ndi mboni, ndimazionabe ngati ndili m'tulo: pansi paja panamera udzu wobiriwira wonyowa ndi mame, makoma anasuntha pang'onopang'ono mpaka chipinda chinakhala bwalo, sinowo, mvula youndana yoyera mbee, imene inkagwa panja inaima m'malere kuti ionerere, atsekwe amene anathawa kuzizira anabwerera n'kutera padenga m'mizeremizere onse atasanduka a olenji, agogo a pa njinga zawo za olumala anayamba kuimba nyimbo ya dziko limene sanapiteko, ndipo sitima yapansi panthaka inaima, woyendetsa n'kutulutsa mutu pamsewu kufunsa kuti zigoli zili bwanji. Mukumva? Pakati pa zonsezi bulangete linagwa, ndipo munthu uja anadzuka, kudzuka, kudzukabe, mutu mpaka kudenga, tsitsi lake loyera likubwerera kufiira, manja atatambasula pang'ono, maso osayang'ana ine koma mpira.

Ndinapita kumanzere, chithunzithunzi changa n'kupitirira mpaka kutali ku Scarborough osabwerera mpaka madzulo. Ndinakhotera kumanja, nyumba yonse n'kupendekeka, tiyi wa anthu n'kutsetsereka m'makapu popanda dontho kutayika. Ndinaponda mpira, nthawi n'kuima, wotchi yapakhoma n'kuyamba kubwerera m'mbuyo mpaka ndinamva fungo la fumbi la kwathu ndi mawu a mayi anga akundiitana kuti kwada. Kenako ndinaukweza mpira uja, unatulukira pazenera, unakazungulira nsanja yaitali kuposa zonse m'tauni muno katatu, n'kubwera utavala chipewa cha madzi oundana, n'kutera pachala changa chachikulu mwakachetechete ngati nkhunda. Apo n'kuti ndatsala ndi phazi limodzi kuti ndigoletse.

Mwati bwanji, mayi a Tadala? Ee, ndikudziwa kuti munali pa shifiti tsiku limenelo, ndinu nesi, sindinaiwale. Mukuti munandipeza ndili chagada pansi pa bedi, nsapato imodzi ili pakhomo? Mayi inu, nkhani ya mwini saidula pakati. Koma poti mwanena pagulu, chabwino.

Udzu mwina panalibe. Atsekwe aja, kaya. Koma chimene munachiona inunso ndi ichi: mkulu wa zaka zake ataimirira yekha pakati pa chipinda, wopanda ndodo, wopanda womugwira, ali m'thalauza logonera, phazi lamanzere litaponda chikulunga changa, mwana wake ali pakhomo atatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Ndipo munthu amene sanayankhule chiyambire Khirisimasi anandiyang'ana pansipo, n'kugwedeza chala, n'kunena mawu awiri okha m'Chingelezi: "Pano ayi."

Kumtunda kuja sanapite. Ali m'chipinda chomwecho, ndipo ikangokwana teni koloko amaima pakhomo ndi mpira m'khwapa, kundidikira.

Anthu amati ndinamulekerera dala kuti adzuke, inenso ndakhala ndikuvomera, chifukwa zimandipatsa ulemu. Bodza limenelo. Ndinayesa ndi mphamvu zanga zonse, abale, ndi njomba zonse za ku Ntcheu, ndipo ndakhala ndikuyesa tsiku lililonse kuchokera pamenepo, miyezi isanu tsopano. Madala aja sadutsika. Ndipatseni nyamayo ndidye, Lolemba ndili ndi gemu.