Mafuta pa Khungu la Ndaziona

Usiku wathawu ndinalota zoti mpaka pano mtima sunakhale pansi, amayi anzanga. Mukudziwa kuti Ndaziona wanga amadwala matenda akugwa, ndipo a chipatala anamupatsa kachipangizo kopana kukhutu, kotumiza timagetsi ku mtsempha wautali uja wochoka m'mutu, kudutsa m'khosi, kukafika ku mtima ndi m'mimba. Anatiuza kuti lero amuyeza pakhungu, ndipo akaona kuti thupi silikuyankha, kachipangizoko akapatsa wina. Anesi anachita kunenetsa kuti tsiku loyezalo mwana asadzole mafuta.

Ndiye kumalotoko tili pa benchi ya chipatala, koma benchiyo ikuyenda yokha ngati ngolo. Ndaziona ali mbuu, miyendo yotuwa ngati wagona paphulusa, amayi onse pamzere maso ali pa ine. Mwadzidzidzi botolo la mafuta linasuzumira kuchokera m'chikwama changa.

"Mayi a Ndaziona," likutero, "mwana wa munthu n'kupita pagulu chonchi? Anthu aziti alibe mayi."

Ine ndi manyazi angawa ndinamudzoza. Nkhope, khosi, manja, mpaka zala.

Ndiye tinalowa. A dokotala anavula magalasi n'kusanduka nanzikambe, diso lina pa mwana, lina pa makina. Anesi anasanduka nkhanga, n'kumatola ndi mlomo timapepala tomata toyezera, kutiika pachifuwa ndi pa zala za mwana. Koma timapepalato tikungoterereka, kugwa pansi, kuthawira kunsi kwa bedi tikulira ngati anapiye.

"Ife pano sitikhala, n'poterera!"

Kachipangizo ka kukhutu kanayamba kunong'ona. "Mtsempha iwe, ukundimva?"

Ndipo ndinamva ndi makutu angawa mtsempha ukuyankha m'khosi mwa mwana wanga, mawu ake a munthu wotopa ndi ulendo. "Ndikumva. Mtima ndauuza kuti ufatse, ndipo wafatsa."

"Wayankha!" ndinakuwa. "A dokotala, wayankhatu!"

Nanzikambe uja anakweza mwendo umodzi, kuganiza, n'kuutsitsa. "Mayi, ife sitilemba zimene kholo lamva. Timalemba zimene khungu lanena. Taonani." Pa makinapo mzere unali wowongoka, osagwedera n'komwe.

Ndiye ndinagwada n'kuyamba kumupukuta mwana ndi chitenje, koma ndikapukuta mafuta akutuluka ena, mpaka anadzaza chipinda chonse kulekeza m'mawondo. Mwadzidzidzi nkhanga ija inajompha kachipangizo kukhutu kwa mwana n'kuuluka nako pawindo. Ndaziona anandiyang'ana, maso atayamba kutembenuka monga amachitira akamafuna kugwa. Chilandirire kachipangizoko, miyezi itatu yathunthu osagwapo, anzanga! Ndinatambasula manja kuti ndimuwakhe, koma manja angawo anali mafuta okhaokha, ndipo anandipulumuka. Mantha ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire.

Chinandidzutsa n'chivindikiro cha botolo, chitagwa pa simenti n'kumagubuduzika. Kunja kunali kutayera. Ndaziona anali chilili pakhomo la kuchipinda, atavala kale diresi lake la kutchalitchi, nkhope ndi manja zili waliwali.

"Amayi, ndadzola ndekha," anatero. "Lero kuchipatala simukachita nane manyazi."