Tsiku limene mkuyu unathawa ndi Zakeyu

Mukamva ana a ku Kapata akukuwa kuti "aMkuyu, imani!", musacheuke. Akunena ine, ndipo sakulakwa.

Nthawi imeneyo ndinali pa chibwenzi ndi Esinati, ndipo amalume anali pafupi kukandifunsira mbeta. Vuto linali atate ake, a Jere, mphunzitsi wopuma pantchito, mkulu wa mpingo, munthu wamfupi wosaseka wamba. Mawu awo okhudza ine anali amodzi: "Mnyamata uja ngwamtali chabe."

Ndiye kutchalitchi kunakonzedwa sewero la Zakeyu. A Jere anapatsidwa Zakeyu (msinkhu unawasankha, osati komiti), ine n'kupatsidwa mtengo wa mkuyu. Ntchito yanga inali kuima chilili, iwo n'kukwera pamapewa panga. Mawu ndinalibe ngakhale amodzi. Zinandiwawa.

Tsoka lake, masiku amenewo ndinkawerenga chibuku chachizungu chimene ndinagula pa salaula, pamsika wa zinthu zakale, cha mafumu, malupanga ndi zilombo zolavula moto. Mmenemo munalinso mtengo wotchedwa Mkuyu, koma umenewo sunali woima ngati chitsiru. Unkalankhula, unkayenda, unkanyamula mafumu kupita nawo kunkhondo. Ndinati mumtima, mkuyu wanga ukhala ngati umenewu, a Jere aone ulemerero.

Amayi otsogolera sewero anati, "Ingomatani masamba a mango pa katoni, basi." Ine ndinakana. Ndinapalasa njinga mpaka ku Chiparamba, n'kudula nthambi za mkuyu weniweni, zodzaza nkhuyu zakupsa psuu. Lamlungu ndinazimanga pathupi ndi malegeni, kuyambira m'chiuno mpaka kumutu. Nditalowa, tchalitchi chonse chinati "Eee!" Esinati anamwetulira. Ndinaona kuti ukwati watheka.

A Jere anakwera bwinobwino, miyendo n'kulendewera pachifuwa panga. Mawondo awo anaphwanya nkhuyu. (Mwambi uja wakuti chikomekome cha nkhuyu mkati muli nyerere ndinkaudziwa. Ndinkangoyesa kuti umanena za anthu.)

Zinayambira m'khosi. Ndinapirira. Zinatsikira m'khwapa, ndinaluma mano. Zitalowa m'thalauzi, mtengo unasuntha phazi limodzi.

"Iwe, mtengo suyenda," ananong'ona a Jere.

"Atate, muli nyerere."

"Pirira! Yesu ali pafupi!"

Koma Yesu wathu, telala wina wa mumsika, ankabwera mwaulemu kwambiri, akudalitsa benchi lililonse. Pofika iye, mkuyu unali utayamba kale ulendo. Anakweza dzanja n'kuitana Zakeyu kuti atsike msanga.

"Ndifuna kutsika, Ambuye," anakuwa a Jere, "koma mtengo ukukana!"

Ndinathamanga pakati pa mabenchi, nthambi zikukwapula zipewa za amayi, Yesu ali pambuyo atanyamula mkanjo m'manja, ophunzira ake n'kumatsatira. Pakhomo ndinawerama kuti Zakeyu asagunde mutu. Chinthu chimodzi chokha ndinachikumbukira: miyendo ya a Jere sindinaisiye. Ndinakawatsitsa pa mpopi wa madzi kuseri kwa tchalitchi, n'kuyamba kuvina ndikudzimenya mbama ndekha.

A Jere anakonza tayi, n'kuchoka. Sabata yonse Esinati sanayankhe foni. Kunena zoona ndinalira, chifukwa mtsikanayo ndinkamukonda zedi.

Amalume anapitabe kukafunsira, akukoka miyendo. Pobwera anandipeza nditakhala pakhonde ngati wofedwa.

"Akuti chiyani?"

"Akuti nzeru ulibe."

"Ndinadziwa."

"Koma akuti mtengo umene nyerere zikuudya, iwo uli kuthawa, osagwetsa munthu amene waunyamula, mwana wawo angakhale pamthunzi pake."

Lero Esinati ndi mayi wa kunyumba kwanga. Apongozi akandiona amayamba kukanda m'khosi.

Chaka chino komiti yandipatsa mwala wa pamanda a Lazaro, akuti mwala sungathawe. Sindinawauze kuti ndapeza gawo lachiwiri la buku lija, ndipo mmenemo miyala imaimba.