Zombo za a Mafunde Sizinakocheze

A Mafunde, telala uja anatisiya mwezi watha, ankaopa madzi moti ngakhale chithaphwi ankachilambalala ngati muli ng'ona. Koma pa nkhondo za panyanja, eee, munthu anali katswiri. Nkhondo zakezo zinali za pamapu, pa tebulo lodulirapo nsalu kuseri kwa makina osokera. Asilikali anali mabatani, zombo zinali zitsekerero za mabotolo.

Mdani wawo anali mlamu wawo wokonza mawotchi, munthu waphuma amene ankafuna chinthu chimodzi chokha: masewerawo athe, mwamuna adziwike. Iye anali ndi chilumba, a Mafunde atachizinga ndi zombo khumi ndi ziwiri. Zinatha zaka zisanu ndi ziwiri, ngakhale batani limodzi osaponda pagombe.

Chinavuta ndi lamulo. Kabuku ka masewerawo kankati wotsika m'chombo aponye dayisi imodzi, womudikirira pamtunda aponye awiri.

"Chilungamo chili pati, alamu?" ankatero a Mafunde, tepi ili m'khosi. "Anyamata anga akufika atanyowa, akusanza, nsapato zili m'manja, inu muli phee pamthunzi ndi madayisi awiri!"

"Tengani awiri inunso, koma mutsike."

"Aaa, ndiye nyanjayo ikhala ya ntchito yanji? Mukufuna ndipambane zaulere kuti muzikandinena?"

Mlamuyo ankangoyang'ana mawotchi atatu a eni ake amene ankavala pamkono.

Tsiku lina a Mafunde anatunga madzi m'beseni lochapira, nkuyandamitsamo zitsekerero, chilichonse ndi batani lake, kuti aone amene angafike amoyo. Anauzira kamphepo pang'ono, zombo zinayi zinamira. Nkhondo inaima mwezi wathunthu, ati kuli maliro. Tsiku linanso anagwira dayisi, mlamuyo mtima uli m'mwamba kuti lero ndi lero. Anaigwedeza, anaigwedeza, kenako anasuzumira pawindo nkuona zovala zikuuluka pachingwe.

"Kuli mphepo. Sindingaphetse ana a eni ake."

"Mphepo ya panja ikukhudzana bwanji ndi mapu?"

"Inu mumadziwa mawotchi. Za nyanja tisiyireni eni ake."

Mlamuyo ankachoka atalumbira kuti sapondanso pakhomopo. Mawa lake masana nayu wafika, dayisi yake yachiwiri ili m'thumba, poti ankaopa kuti a Mafunde aibisa.

Atayamba kudwala a Mafunde, mapu anawasamutsira pambali pa bedi. Mlamuyo anapereka zonse: anataya dayisi imodzi, anachotsa theka la mabatani ake pagombe, mpaka anatseka makatani kuti mphepo isaoneke.

"Tsikani, alamu. Chonde. Gombe lili pululu."

"Umenewo ndi msampha," anatero a Mafunde, mawu akutuluka movutikira. "Tiona mawa."

Tsiku la mawalo silinawapeze.

Patapita sabata mlamuyo anapita kukatenga mabatani ake. Anali wokwiya, ndipo sanabise. Mlongo wake, mkazi wa malemuyo, anali atabwezera mapu pa tebulo lakale, chombo chilichonse pamalo pake.

"Zaka zisanu ndi ziwiri!" anadandaula mlamuyo. "Munthu wamantha ngati ameneyu sindinamuone."

"Mantha ake ati, achimwene? Mukangotuluka, ankasewera yekha mbali zonse ziwiri. Chilumba chanucho ankachilanda tsiku lililonse ndi dayisi imodzi yomweyo. Ankati, ndikangotsika zatha, ndiye alamu azibwera kudzatani?"

Mu shopumo tsopano muli zii. Makina anawafunditsa nsalu, ndipo odutsa pamsewu samvanso anthu awiri akuluakulu akukangana za mafunde. Mlamuyo anakhala pampando wake, natola dayisi ya a Mafunde kuti awaponyere, zithe basi. Anaigwedeza nthawi yaitali. Kenako anasuzumira pawindo, naibwezera pamalo pake.

"Kuli mphepo lero," anauza mlongo wakeyo. "Ndibwera mawa."