Sutukesi Yosokedwa Ngati Belo la Thonje

Nkhani iyi kwathu ku Ndake, m'boma la Nyimba, sindinauzeko munthu, ndipo muona chifukwa chake.

Akulu anga, amene ndi namwino ku Solwezi, atachila anandigulila tikiti ya ndege kuti ndikawathandize kulela khanda. Apongozi atamva anagwila pakamwa.

"Amake Taonga, pandege katundu sukhala naye. Amakulanda nkukamuika kwina, ndiye kumeneko anyamata amangosankha."

(Ndege amangoiona ikudutsa pamwamba pa munda, koma izi amazidziwa.)

Tinayamba ndi loko. Apongozi anati loko nchidole. Amuna anga analowetsa sutukesi m'saka ya thonje nkusoka ndi singano yaikulu, monga amasokela belo. Pamwamba anakulunga malegeni omangila katundu panjinga. Zonse zimene ndinkaopa kubeledwa ndinali nditaziika pansi penipeni.

Pabwalo la ndege ku Lusaka ndinafika kwa mayi wolandila katundu, Taonga ali kumsana.

"Amai, tione reji yanu."

Ndinayang'ana belo. Nawonso anayang'ana belo.

"Popanda chitupa simukwela, ndipo titseka posachedwa."

Tikiti ya akulu anga ipite pachabe? Mpeni ndinalibe, ndipo kupempha anthu osawadziwa ine sinditha. Ndinagwada nkuyamba kuluma ulusi. Bambo wina wa tayi amene anali pambuyo panga anawelama ndi kiyi ya galimoto.

"Mlongo wanga, wosoka uyu ndi wakuti?"

"Wa ku Nyimba," ndinanong'ona.

"Zikuoneka."

Legeni lina linadumpha nkuwakwapula pamwendo. Koma sanaleke kutumbula.

Kenaka ndinayamba kutulutsa zinthu pamaso pa mzele wonse: matewela, nshawa, zovala zamkati, ndi mbeba zouma zimene akulu anga anandiuza kuti ndisalole alamu azione. Taonga analoza mbeba nkufuula kuti, "Nyama!" Reji inali pansi, mu sokosi.

Ndinakwela womaliza, ulusi uli m'mano. Sutukesi inapita yosakhoma, chifukwa loko ndinaiiwala pansi pomwepo. Ulendo wonse anzanga ankaona mitambo, ine ndikuganiza za anyamata osankha aja.

Ku Solwezi sutukesi inafika zonse zilimo, ngakhale mbeba imodzi yosasowa.

Ndinaphunzila kuti wakuba ndi mwini katundu amafuna chinthu chimodzi: kutsegula msanga. Ife tinakwanitsa kuletsa mwini.