Tayi Yakuda ya a Kamtambe

Ana inu mumangotchula miyambi ngati inagwa ndi mvula. Mwambi uliwonse uli ndi mwini wake, ndipo umene ndikuuzeni lerowu mwini wake ndi a Lufeyo Kamtambe a ku Ntcheu. Chiyambi chake chili motere.

A Kamtambe anagwira ntchito yomasulira m'khoti zaka makumi atatu ndi ziwiri. Woweruza akalankhula Chingerezi, iwo ankatembenuzira woimbidwa mlandu m'Chichewa, ndipo pa zaka zonsezo palibe anawamvapo akunena kuti, "Bwerezani, sindinamve." Ena anamasulidwa, ena anamangidwa, koma a Kamtambe sanafunsepo. Atapuma pa ntchito, khalidweli anapita nalo kunyumba. Akasochera ankati njira ndiyo yasuntha.

Mwana wawo Esinati anali namwino pa sitima yaikulu ya panyanja yamchere, ija imanyamula anthu ongopita kukaona dziko n'kubwerera. Chaka china anaitana makolo ake kuti akakwere masiku anayi kuchokera ku doko la Debeni. Anawapezeranso mwayi wosowa: madzulo a tsiku lachitatu akadye pa tebulo la kaputeni, mkulu wa sitimayo.

Nkhani ya tebuloyi inawalowa mumtima a Kamtambe. Moyo wawo wonse anautha ataimirira pambali pa akuluakulu, kuwanyamulira mawu, koma palibe mmodzi anawauzapo kuti, "Khalani pansi tidye." Sankanena, koma zinkawawawa. Ndiye tsikulo litafika anakana tiyi wam'mawa, anakananso nkhomaliro.

"Kwa kaputeni munthu sapita ndi mimba yodzaza kale," anauza akazi awo, Nangozo.

Dzuwa litapendeka, pansi pa chitseko cha kachipinda kawo panalowa kakalata. A Kamtambe anavala magalasi, anawerenga, anabwerezanso, kenaka anavula magalasi aja pang'onopang'ono.

"Mayi, kwagwa zovuta."

"Zovuta zanji?"

"Maliro. Alemba kuti azibambo onse madzulo ano abwere atavala bulaki tayi. Bulaki ndi chakuda. Tayi ndi tayi. Nanga tayi yakuda munthu amavalira chiyani?"

"Koma m'mawa womwe uno anthu amavina pafupi ndi dziwe losambiramo lija," anatero Nangozo.

"Imfa siodira."

"Ndiye wamwalira ndani?"

"Tikamva akamanena mbiri ya malemu. Mukufuna alembe zonse pa kapepala aka?"

Nangozo anayang'ana foni imene inali pafupi ndi bedi. "Bambo a Esinati, bwanji timufunse mwana? Ati tikangodina nambala, ayankha."

A Kamtambe anawayang'ana ngati mmene ankayang'anira mboni yonama. "Ine ndifunse Chingerezi kwa mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha a, e, i, o, u?"

Nkhani inathera pomwepo.

M'kabati munali suti imene Esinati anapachikamo m'mawa: yakuda bii, kolala wake wonyezimira, malaya oyera a timakwinya pachifuwa, katayi kakang'ono konga gulugufe, ndi lamba wansalu wotambalala wokulunga pamimba. A Kamtambe anaikhudza, anapukusa mutu.

"Mwana uyu amandikonda, koma mwambo sadziwa. Kupita ku maliro ukunyezimira chonchi, anthu amati malemuyo wamudya ndiwe."

Anatsegula sutikesi yawo. Anatulutsa buluku lakale lotuwa m'mawondo, malaya a mizeremizere, ndi tayi yakuda yaitali imene sankayenda osainyamula, pokhala mkulu wa mpingo. Pamwamba anaponyapo chikhoti cholemera chimene ankavala popita kogula mbatata ku Tsangano mwezi wa Juni, kumutu chipewa choluka. Kagulugufe kaja anakapereka kwa Nangozo, ati mwina n'komangira tsitsi. Lamba wansalu yekha ndiye anamuyamikira. Anamukulunga m'khosi.

"Apa pokha waganiza bwino. Pa maliro pamazizira."

Kunjako kunali kutentha kwa ku gombe la Mozambiki kumene sitima inkadutsa, koti ngakhale nsomba zinkafuna mthunzi.

Nangozo sanatsutse. Anavala diresi lawo labwino kwambiri, la buluu la maluwa agolide, kenaka anakulunga chitenje chakale pamwamba pake n'kumanga duku. Mayi ameneyu anali atakhala ndi a Kamtambe zaka makumi anayi, ndipo ankadziwa kuti mawu a amuna awo umawamvera utavala ziwiri.

Anafika pakhomo la chipinda chodyera nthawi ili sikisi koloko, kunja kukali kowala. Zimene anaona zinawalimbitsa mtima a Kamtambe. Azibambo onse anali m'zakuda. Pa matebulo pankayaka makandulo. Pakona mkulu wina ankakhwekhwesa vayolini mwapang'onopang'ono, maso atatsinzina. Mwamuna aliyense ankayenda atagwira mkono wa mkazi wake.

"Mwaona?" ananong'oneza. "Akuwagwiriziza kuti asagwe ndi chisoni."

Za kumene adzukulu akakumbe manda pakati pa nyanja, anazisiyira eni ake.

Pakhomo penipeni panaima kaputeni, wamtali, wandevu zoyera, akugwira chanza aliyense wolowa. A Kamtambe anazindikira nthawi yomweyo kuti namfedwa wamkulu ndi ameneyu. Anavula chipewa, anagwira dzanja la kaputeni ndi manja onse awiri, osalisiya, n'kulankhula Chingerezi chawo cha kukhoti.

"Pepani, bwana. Pepani kwambiri. Sitinayembekezere kuti zikhala chonchi."

Kaputeni anayang'ana chikhoti, anayang'ana lamba m'khosi, anaganiza kuti mkuluyu akupepesa chifukwa cha zovala. "Musadandaule," anatero. "Zimachitika pa ulendo uliwonse."

A Kamtambe anatembenukira kwa Nangozo. "Ulendo uliwonse. Munthu uyu ndi wolimba mtima."

Woperekera zakudya wina, wajekete loyera, anawayandikira mwaulemu n'kuwanong'oneza kuti kuseri kuli majekete obwereketsa, ngati angafune.

"Zikomo," anayankha a Kamtambe. "Mayi awa alowe. Ine ndikhala panja ndi amuna anzanga."

Nangozo analowa. A Kamtambe anakoka mpando pafupi ndi khomo, anakhala pansi, chipewa pa bondo, mutu zyoli. Anadikira amuna anzawo aja. Palibe anabwera. Onse ankangolowa m'nyumba ya siwa ngati azimayi, ndipo a Kamtambe anamva chisoni ndi mmene mwambo wathera m'maiko ena.

Kenaka panayamba kutuluka fungo. Fungo la nyama yootcha, la anyezi wokazinga, la buledi wotentha. M'mimba mwa a Kamtambe munalira mokweza, moti mayi wina wodutsa anacheuka. Mkatimo munamveka kugundana kwa matambula, kenaka phwete la anthu ambiri. A Kamtambe anaganiza kuti malemuyo ayenera kuti anali munthu wovuta.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka Nangozo, alibe chitenje, alibe duku, diresi la maluwa agolide lija likung'anima.

"Bambo a Esinati, kulibe maliro."

"Mayi, valani chitenje."

"Ndati kulibe maliro! Ndamufunsa Esinati, ali mkatimu. Bulaki tayi ndi dzina la suti ija mwaisiya m'kabati, pamodzi ndi kagulugufe aka." Anakavula m'tsitsi n'kuwaika m'manja. "Icho mwamanga m'khosicho n'chapamimba. Mpando wanu uli pafupi ndi kaputeni, dzina lanu alemba pa kapepala. Abweretsa kale supu. Thamangani mukasinthe!"

Manyazi anawagwira a Kamtambe kuyambira kumutu mpaka ku zidendene. Zaka makumi atatu ndi ziwiri za Chingerezi, n'kugwa ndi mawu awiri okha, ndiponso pamaso pa mkazi amene analekezera Sitandade 4. Anaimirira, anakonza chikhoti.

"Ndimadziwa," anatero. "Ndimafuna ndione ngati inu muzindikire."

Ananyamuka mwaulemu mpaka pokhota, ndipo atangokhota analiyatsa liwiro.

Tsono sitima imeneyo inali ndi nyumba zosanjikizana khumi ndi ziwiri, ndipo makonde ake onse anali ofanana: kapeti yemweyo, zitseko zomwezo, nyale zomwezo. Masiku atatu onse a Kamtambe ankangoyenda patsogolo, Nangozo n'kumanena kumbuyo kuti "kumanzere, kumanja," iwo n'kumayesa kuti njira akuidziwa okha. Analowa m'chikepe, anadina nambala imene inawaoneka yodziwika, anatulukira kochapira zovala.

"Ndikuthandizeni, bwana?" anafunsa mayi amene ankapinda matawulo.

"Ayi, ndikungowongola miyendo."

Anakwera masitepe. Anapezeka m'chipinda chimene anthu ankathamanga pa makina osapita kulikonse. Anawayang'ana pang'ono, anawamvetsa. Anatsika, anakhota, anadutsa sitolo ya mafuta onunkhira kawiri, kachitatu wogulitsayo anawapatsa moni ngati mnansi. Thukuta linali kamukamu m'chikhoti cha ku Tsangano. Wantchito wachiwiri anawafunsa nambala ya chipinda chawo. Anamuuza kuti akuidziwa. Wachitatu anawalozera chithunzi cha sitima yonse chimene chinali pakhoma. Anamuuza kuti anachiona kale.

Patatha ola ndi theka anaona khomo lalikulu, mtima unakhala pansi, anafulumira. Linali khomo la chipinda chodyera lomwe lija. Mpando umene anakoka unali pomwepo.

Anasuzumira pa galasi la chitseko. Anaona tebulo la kaputeni pakati, Nangozo akuseka, supuni yaing'ono m'manja, akudya zotsekemera zomalizira. Kudzanja lamanja la kaputeni kunali mpando wopanda munthu, ndipo woperekera zakudya ankachotsapo mipeni ndi mafoloko osagwiritsidwa ntchito, mmodzimmodzi. A Kamtambe anamva misozi ikubwera. Mpando umene anaudikira moyo wawo wonse unali pamtunda wa mapazi khumi, ndipo chinawatsekereza n'chikhoti chawo chomwe.

Koma njala ilibe chisoni ndi munthu.  Atacheuka anaona katebulo pambali pa khomo, pamwamba pake mbale yaikulu yodzaza zipatso: mphesa, mapeyala, nthochi, ndi apozi mmodzi wofiira psuu, wonyezimira, wopanda banga. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, anamutola.

Munthu wina akanadabwa kuti chipatso chachikulu chonchi chikupepuka bwanji, ndipo bwanji sichikununkhira. Woperekera zakudya wajekete loyera uja anali chapafupi pomwepo, wofunsika. A Kamtambe anayasamula n'kuluma ndi mphamvu ya munthu amene sanadye kuyambira dzulo.

Mano analowa, osatuluka.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Anatuluka kaputeni, pambuyo pake Nangozo ndi Esinati, ati akafunefune mlendo wosowayo. Onse atatu anaima kakasi. A Kamtambe anakoka apozi uja, chibenthu chinatsalira m'kamwa. Mkati mwa chipatsocho munali moyera mbee ngati kandulo.

"Ababa!" anafuula Esinati. "Lavulani! Chimenecho n'chokongoletsera chabe, ndi..."

A Kamtambe anakweza dzanja ngati woweruza woletsa phokoso. Anadziwa bwino lomwe chimene chinali m'kamwa mwawo. Koma kulavula kukanakhala kuvomera kachiwiri tsiku limodzi, ndiponso pamaso pa kaputeni. Anayamba kutafuna. Chinthucho chinamata m'mano, chinamata kumwamba kwa kamwa. Anatafunabe, maso ali gwa pa kaputeni, mpaka anameza. Lamba wa m'khosi uja anakwera n'kutsika.

Kaputeni anali munthu woleredwa bwino. Anafunsa mofatsa, "Chikukoma, bwana?"

"Chapsa bwino," anayankha a Kamtambe. "Kungoti shuga wachepa."

Ndipo kuti pasakhale wokayika, analumanso.

Kaputeni anakanda ndevu. Ananena kuti apozi ameneyo wakhala m'mbale imeneyo kuyambira tsiku limene sitimayo inalowa m'madzi, wawoloka nyanja zinayi, wapukutidwa fumbi Lolemba lililonse, ndipo pa anthu zikwizikwi amene anadutsa pakhomo limenelo, a Kamtambe ndi oyamba kumudya.

A Kamtambe anatembenukira kwa akazi awo, milomo ikumatana. "Mwamva? Oyamba."

Tsiku lomaliza la ulendowo analithera kuchipatala cha pa sitima, mwana wawo yemwe akuwamwetsa madzi ofunda.

Atabwerera ku Ntcheu, azimayi a mvano anabwera kudzalonjera Nangozo. Anakhala pamphasa pakhonde, a Kamtambe ali chapatali pansi pa mtengo wa mapeyala, nyuzipepala itaphimba nkhope. Azimayi anafuna kumva zonse. Nangozo anawawerengera: supu wa bowa, nkhanu yaikulu ngati dzanja la munthu, nyama ya nkhosa yofewa yosafuna mano, ndi zotsekemera zozizira zimene anachita kuziyatsa moto pamwamba.

"Eee, munadyatu!" anatero mayi wina wachikulire. "Nanga abambo akunyumba kuno, pokhala odziwa Chingerezi, kwa kaputeniko anadya chiyani?"

Nyuzipepala ija inasiya kugwedezeka.

Tsono Nangozo anali mayi wa mwambo, ndipo mkazi wa mwambo satchula dzina la mwamuna wake pagulu. Anakonza duku, anayang'ana kumtengo kuja, anayankha ndi nkhope yosaseka ngakhale pang'ono:

"Safunsa anadya phula."